TV ya agogo inkakana kudzuka magetsi akabwera

Tsiku lina Lachitatu ndinafika kunyumba cha m'ma 6 koloko madzulo n'kupeza agogo anga ali pampando wawo wa masiku onse, atayang'ana TV yozima. Magetsi analipo. Filiji inkalira kukhitchini, getsi lapakhonde litayaka, koma pabalaza panali zii. Chomwe chinkaoneka ndi kagetsi kofiira kaja kamene kamakhala mmunsi mwa TV.

"Agogo, magetsi abwera nthawi yanji?"

"Kaya, amuna anga. Ndangomva filiji yayamba kung'ung'udza dzuwa lili pamutu."

Ndiye kuti anakhala chomwecho maola asanu kapena kuposa, rimoti ili pamiyendo pawo. Maso a agogo anachita ng'ala. Kuwala amakuona, munthu akadutsa amamuzindikira, koma timabatani ta rimoti kwa iwo n'timodzimodzi. Zala zawonso zinauma ndi nyamakazi. Tsiku lina anadina batani lolakwika, zithunzi n'kuchoka, ife n'kutha ola lathunthu tikufufuza chomwe chachitika. Palibe anawakalipira, koma kuyambira pomwepo analumbira kuti kanthu kameneko sadzakadinanso.

Mwina wina anena kuti TV si nsima, munthu safa nayo njala. N'zoona. Koma agogo anakulira kumudzi kumene tsiku silitha popanda wina kunena odi pakhomo. Kuno ku Area 25 tinawatsekera mu mpanda wa njerwa. Amayi amalawirira ku geni yawo, mlongo wanga kusukulu, ine kuntchito. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mawu a munthu amene agogo amamva ndi a mu TV. Saionera kwenikweni, amaimvera. Amatsutsana ndi owerenga nkhani, amayankha alaliki, amaimba limodzi ndi makwaya. Magetsi akathima kwa mphindi khumi zokha, tsiku lawo lonse lathima.

Chimachitika n'chakuti magetsi akabwerera, ma TV ambiri sapitiriza pomwe anasiyira. Amangodzuka theka, n'kukhala pa standby kudikira kuti wina awadine. Dikoda yathu ilibe mwano umenewo: imadziyatsa yokha n'kubwerera pa tchanelo chomwe inali. TV ndiyo inkafuna kupembedzedwa.

Ndinadziuza kuti ine ndi munthu wa digiri. Inde, ndi ya zofalitsa nkhani osati ya mawaya, koma kuyatsa TV kungandikanike? Ndinkati ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Inandidyera masabata atatu.

Ndiyambe ndi njira zosavuta, chifukwa mwina inu vuto lanu lithera pomwepa. Lowani mu Settings ya TV yanu n'kufufuza mawu onga Power On Mode kapena AC Power On. Ma TV ena amakupatsani mwayi wosankha chomwe ichite magetsi akabwera: ikhale pa standby, iyake, kapena ibwerere mmene inalili. Ena anabisa zimenezi mu Hotel Mode, gawo lomwe anakonzera eni malo ogona alendo. Njira yachiwiri ndi ya waya wa HDMI. Mu waya ameneyu muli kanjira kotchedwa CEC komwe dikoda kapena chipangizo china chimatha kuuzira TV kuti idzuke. Makampani anakapatsa mayina awoawo, n'chifukwa chake anthu ambiri sakadziwa: Samsung amati Anynet+, LG amati SimpLink, Sony amati Bravia Sync, Philips amati EasyLink. Ngati TV ndi dikoda yanu zonse zili ndi CEC, ingoyatsani mbali zonse ziwiri, mwina basi mwathana nazo.

Ife tinalibe mwayi umenewo. TV yathu tinagula kwa munthu, dzina lake ngakhale pa Google silituluka bwino, ndipo dikoda timailumikiza ndi mawaya atatu aja, wachikasu, woyera ndi wofiira. Ndinainyamula pa minibasi mpaka kwa amisiri ena okonza ma TV mumsika. Anadina mabatani angapo motsatizana, pa sikirini n'kutuluka menyu ina yomwe sindinaionepo, yodzaza manambala. Nditasendera kuti ndijambule ndi foni, anandibweza ndi dzanja.

"Achimwene, muno mumalowa munthu wodziwa potulukira. Mukasintha nambala imodzi molakwika mudzaonera mpira chadodolido."

Anafufuza mpaka pansi, sanapeze kanthu. Koma nditawafotokozera za agogo, anatembenukira ku mulu wa zinthu zakufa kuseri kwa benchi yawo n'kunditolera ziwiri: rimoti yothyoka, ndi kachipangizo kakuda ka miyendo itatu komwe anazula mu DVD yakale. Anati kameneko ndi diso lomwe limalandira uthenga wa rimoti. "Kapezeni mnyamata wodziwa makompyuta. Zinazi ndi zanu achinyamata."

Mnyamatayo ndinali naye. Mnzanga wina amene tinali limodzi kusekondale anaphunzira zamagetsi, ndipo m'kabati mwake munali ka Arduino kotsala pa ntchito ya kusukulu. Arduino ndi kakompyuta kakang'ono kokwana m'chikhatho, kopanda sikirini, komwe kanayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005 kuti ophunzira azipangira zinthu zawo mosavuta. Umakalembera malangizo pa laputopu, ndipo kakangolandira magetsi kamachita zomwe unakauza. Nzeru yathu inali yachidule. Tikalumikize ku tchaja ya foni pafupi ndi TV. Magetsi akabwera kadzuka, kadikira pang'ono, kenako katumiza uthenga womwe rimoti imatumiza munthu akadina batani loyatsira. Chala cha agogo chosowekacho, kakhale iko.

Apa mpofunika kudziwa chomwe rimoti imachita mukaidina, chifukwa mavuto onse amene tinakumana nawo anachokera pamenepa. Tengani rimoti ya kwanu, tsegulani kamera ya foni, lozetsani mutu wa rimoti ku kamerayo n'kudina batani lililonse. Muona kagetsi kakuphethira mofiirira kapena moyererako, pamene ndi maso anu simukuona kanthu. Ngati kamera yakumbuyo sikuonetsa, yesani ya selfie, chifukwa mafoni ena, makamaka ma iPhone, ali ndi sefa yotchinga kuwala kumeneku ku kamera yakumbuyo. Kuwalako ndi infrared. Mafunde ake ndi otalika pafupifupi ma nanometer 940, pomwe diso la munthu limalekezera cha m'ma 700 ndi kuposerapo pang'ono. Anakutulukira ndi William Herschel mu 1800, pamene anagawa kuwala kwa dzuwa ndi galasi n'kuona kuti thermometer ikukwera ngakhale kuseri kwa mtundu wofiira, komwe maso saona chilichonse.

Kayesedwe ka kamera kameneka kokha kangakupulumutseni ndalama. Anthu ambiri amathamangira kukagula rimoti yatsopano pamene vuto ndi mabatire, kapena kunyamula TV kupita kwa amisiri pamene yafa ndi rimoti. Kagetsi kakaphethira mwamphamvu, rimoti ili moyo, kafufuzeni kwina.

Koma dzuwa nalonso lili ndi infrared wambiri, moto ulinso naye, mababu enanso chimodzimodzi. Ndiye TV imadziwa bwanji kuti uku ndi kuwala kwa rimoti? Vuto limeneli ndi lakale. Mu 1955 kampani ya Zenith ku America inatulutsa rimoti yoyamba ya TV yopanda waya, Flash-Matic, yomwe anapanga Eugene Polley. Inali ngati tochi: umawalitsa pa imodzi mwa ngodya zinayi za TV. Dzuwa likalowa pawindo n'kumenya ngodya ija, TV inkatha kudzisinthira yokha tchanelo. Chaka chotsatira Robert Adler anabweretsa ina yotchedwa Space Command, yogwiritsa ntchito phokoso lomwe khutu la munthu silimva, koma nayo inkatha kusokonezeka wina akagwedeza makiyi. Marimoti a infrared atafala m'zaka za m'ma 1980, akatswiri anapeza mankhwala ake: kagetsi kasamangoyaka, kaziphethira mwaliwiro lodziwika. Marimoti ambiri amaphethira ka 38,000 pa sekondi imodzi. Diso la TV linapangidwa kuti lizimvera kuphethira kwa liwiro limenelo lokha, kuwala kwina konse lizikunyalanyaza.

Uthenga weniweni umakhala mu kutalika kwa kuyaka ndi kupuma, ngati ng'oma yoitanira anthu. Ndipo zinenero zake n'zosiyana. Chofala kwambiri, makamaka pa ma TV otsika mtengo ngati yathu, ndi cha NEC. Chimayamba ndi moni wautali: kuphethira kwa ma millisecond 9, kupuma 4.5. Kenako pamabwera tizidutswa 32 ta uthenga, tonena kuti uthengawu ukupita kwa chipangizo chiti komanso batani lomwe ladinidwa ndi liti, ndipo mbali ina imabwerezedwa mozondoka kuti TV itsimikize kuti yamva bwino. Zonsezi zimatha sekondi isanafike n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo khumi. Sony ali ndi chinenero chawo cha 40,000 pa sekondi, ndipo marimoti awo amatumiza uthenga umodzi katatu. Cha Philips chotchedwa RC-5 chimayenda pa 36,000. N'chifukwa chake rimoti ya kwa aneba singayatse TV yanu pokhapokha zikhale za chinenero chimodzi.

Ntchito yoyamba inali kubera mawu a rimoti yathu. Mnzanga analumikiza diso lija la mu DVD ku Arduino, ndipo tinatsegula laputopu kuti tione manambala. Ndisanadine chilichonse, manambala anayamba kutsika okha pa sikirini ngati mvula. Tinayang'anana. Tinasintha mawaya, tinazimitsa n'kuyatsanso, osasintha. Patapita nthawi mnzangayo anayang'ana kudenga n'kuseka.

"Aise, tazimitsa getsilo."

Linali babu lakale la energy saver, lopotana lija. Mababu a mtundu umenewu amaphethira mwaliwiro loyandikana ndi la rimoti, ndipo diso lathu linkayesa kuti wina akulilankhula. Nditazimitsa, sikirini inakhala bata. Ngati rimoti ya kwanu imagwira bwino masana koma usiku imavuta, kapena imafuna kuti muyandikire mukayatsa getsi, yambani mwakayikira babu musanatukwane rimoti.

Tili mumdima choncho ndinadina batani loyatsira, n'kuligwira ndithu kuti uthenga ulowe bwino. Pa sikirini panadzaza mizere ya zilembo F zokhazokha, zisanu ndi zitatu pa mzere uliwonse. Ndinakopera mosangalala, tinaika mu pulogalamu, tinatumiza. TV osagwedezeka. Tinataya usiku wonse pa zimenezi. Kenako tinazindikira kuti mu chinenero cha NEC, ukagwira batani osalisiya, rimoti imatumiza uthenga wathunthu kamodzi kokha, kenako imangotumiza kachizindikiro kakafupi kotanthauza kuti "bwerezani zomwe ndanena zija". Ma F aja anali kachizindikiro kameneko. Ife tinkauza TV kuti ibwereze pamene sitinaiuze kanthu. Nambala yeniyeni inali pa mzere woyamba pamwamba, womwe unali utakwera kale n'kubisika. Ndinadinanso mwachidule, kamodzi, nambala n'kutuluka yoyera bwino.

Titaika nambala yolondola, TV inakhalabe duu. Apa ndinayamba kukayikira mnzanga, iyenso n'kuyamba kukayikira TV yathu. Inatiweruza ndi kamera ya foni. Titalozetsa pa kagetsi komwe tinazula mu rimoti yothyoka ija, sikankaphethira n'komwe. Ndinali nditakalumikiza chozondoka. Timagetsi ta LED timalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Katsopano kamakhala ndi mwendo umodzi wautali wosonyeza mbali, koma kathu tinachita kudula pa rimoti ndipo miyendo inali yofanana. Ndinakatembenuza, kamera n'kuonetsa kadontho kofiirira. Titakayandikiza pa TV penipeni, kagetsi kofiira kaja kanazima, sikirini n'kuwala. Ndinakuwa ngati tagoletsa chigoli. Agogo kuchipinda anafunsa ngati kwagwa zinazake.

Chimwemwecho chinali chachifupi. Titakasuntha kukaika pa shelefu pomwe tinkafuna kuti kazikhala, mtunda wosakwana mamita awiri, kanalekanso kugwira. Kuwala kwake kunali kofooka. Mwendo umodzi wa Arduino umapereka mphamvu yochepa, pafupifupi ma milliamp 20 ngati sukufuna kuuotcha, pamene rimoti yeniyeni imakankha kagetsi kake ndi mphamvu yoposa pamenepo kangapo, kwa kanthawi kochepa kwambiri. Mnzanga anawonjezera transistor kuti kagetsi kazikoka mphamvu molunjika ku tchaja, Arduino izingotsegula ndi kutseka chitseko. Pa kamera kusiyana kwake kunali ngati kandulo ndi tochi.

Mawa lake sikanagwirenso, ndipo ulendo uno wolakwa sanali waya. Amayi pokonza m'nyumba anabwezera maluwa awo apulasitiki pamalo pake, kutsogolo kwa TV, ndendende pa diso lake. Infrared ndi kuwala basi. Sadutsa khoma, sadutsa nsalu yokhuthala, sadutsa maluwa a amayi. Amatha kugunda khoma loyera n'kubwerera, n'chifukwa chake nthawi zina rimoti imagwira mutailozetsa kudenga, koma osadalira zimenezo. Diso la TV nthawi zambiri limakhala pafupi ndi kagetsi ka standby, kuseri kwa kapulasitiki kakuda. Tinakambirana ndi amayi mwaulemu, maluwa anasamukira pa kabati.

Kenako inafika nthawi yoyesa zenizeni. Ndinathimitsa magetsi a nyumba yonse pa main switch n'kuyatsanso. Dikoda inadzuka, ka Arduino kanaphethira, TV ayi. Chifukwa chake chinali nthawi. TV yathu imadutsira pa TV guard, kabokosi koiteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo kabokosiko kamayamba kadikira kasanalole magetsi kudutsa. Ine tchaja ya Arduino ndinaibaya pa soketi ina ya pakhoma. Kankalankhula TV isanalandire n'komwe magetsi, ngati munthu wopereka moni pakhomo pomwe eni ake sanafike. Tinaisamutsira pa extension imodzi ndi TV, kuseri kwa guard. Ngakhale apo panafunikabe kudikira, poti TV ikalandira magetsi imatenga masekondi angapo isanayambe kumvera rimoti. Tinayesa masekondi atatu, inakana. Tinayesa asanu, inkavomera mwa apo ndi apo. Tinakhazikika pa 15.

Kwa masiku anayi zinayenda bwino moti ndinayamba kudzitama ku ofesi. Ndipo Loweruka madzulo, tikuonera mpira, mlongo wanga anazula tchaja ija kuti atchajire foni yake, poti yake anaiwala kwa mnzake. Nditamukalipira anaibwezera. Patatha masekondi 15, wosewera akukonzekera kumenya penate, TV inathima.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa vuto lenileni, lomwe mavuto ena onse aja anali ana ake. Rimoti ya infrared imalankhula koma simva. Imaponya mawu mumdima, TV siyankha kuti ndamva, sinenanso kuti panopa ndayaka kapena ndazima. Ndipo batani lofiira lija si loyatsira ayi. Uthenga wake ndi umodzi, wakuti "sintha": ngati wazima yaka, ngati wayaka zima. Munthu akagwira rimoti zimayenda chifukwa maso ake ndi amene amatseka mpatawo, amaona sikirini n'kudziwa ngati adine kapena ayi. Ka Arduino kathu kanalibe maso. Kankangoganiza kuti nthawi iliyonse kakadzuka ndiye kuti magetsi anazima ndipo TV ili pa standby. Mlongo wanga anangoonetsa poyera bodza limenelo. Lolemba lake zinachitikanso popanda wozula tchaja: magetsi anangophethira kamodzi, TV inapirira osazima, koma tchaja yotchipa ija inagonja, Arduino n'kuyambiranso. Ndinapeza agogo ali chete ngati tsiku loyamba lija.

"Kamwana kanu kaja lero kandithimitsira pakati pa nyimbo," anatero. Sanakwiye, koma zinandipweteka. Poyamba TV inkangolephera kuyaka. Tsopano chinthu chomwe ndinapanga ndi manja anga ndicho chinkawalanda.

Njira yoyera yothetsera izi ilipo kwa amene ali ndi ma TV a makampani akuluakulu. Ambiri a Sony, LG, Samsung ndi Panasonic amamva mauthenga awiri osiyana, wina wongoyatsa wina wongozimitsa, ngakhale pa rimoti palibe mabatani ake. Pa intaneti amawatchula kuti discrete codes. Ukatumiza woyatsa TV ili yoyaka kale, palibe chimachitika, ndipo ndi zomwe timafuna. Ife tinafufuza mpaka bandulo kutha, koma TV yopanda dzina ilibenso mndandanda wa manambala ake.

Choncho tinaganiza zokapatsa khutu. Kumbuyo kwa TV kuli pobayira USB. Pa ma TV ambiri, malo amenewa amakhala ndi magetsi TV ikayaka, ndipo amazima ikapita pa standby. Si onse, ena amasiya magetsiwo nthawi zonse, ndiye yesani yanu: bayani foni pamenepo n'kuzimitsa TV ndi rimoti. Foni ikasiya kutchaja, muli ndi mwayi. Yathu inasiya. Mnzanga anadula waya wakale wa USB, mbali imodzi n'kubaya ku TV, inayo n'kulumikiza ku mwendo wina wa Arduino kudzera pa resistor. Malangizo tinawalembanso. Ukadzuka dikira masekondi 15. Kenako yang'ana ngati ku USB kukubwera ma volt asanu. Ngati akubwera, TV yayaka kale, khala chete. Ngati sakubwera, tumiza uthenga, dikira masekondi khumi, yang'ananso. Ikakana yesanso, koma osapitirira katatu. Ukatero gona mpaka magetsi adzazimenso, kuti munthu akazimitsa TV mwadala usamuyatsirenso.

Mlongo wanga ndinamuitana kuti azule tchaja n'kubwezera kasanu konse. TV sinaphethire n'komwe.

Ndinene pano kuti zonse tinkachitazi zinali za ma volt asanu a tchaja ya foni, omwe sangakuvulazeni. TV sitinaitsegule, ndipo inunso musaitsegule. M'kati mwake muli zipangizo zosunga magetsi zomwe zimatha kumenya munthu ngakhale mutazula pakhoma. Za ma volt 230 zisiyireni amisiri.

Ena mufunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito foni. Mafoni ena alidi ndi kagetsi ka infrared pamutu, kadontho kakuda pafupi ndi maikolofoni. Ma Redmi ambiri ali nako ndipo amabwera ndi pulogalamu ya Mi Remote. Samsung anali nako pa Galaxy S4 mpaka S6, kenako anasiya. Rimoti ikasowa kapena galu akaitafuna, foni yotere imakuombolani. Koma foni imayenda ndi mwini wake, ndipo ine masana ndimakhala kutali. Palinso timabokosi togulitsa tomwe timalumikizika ku WiFi n'kumatumiza infrared pa nthawi yomwe mwatchera. N'tabwino, koma timafuna rauta yoyaka, ndipo ngati mukatumiza uthenga wa "sintha" uja, nato tidzakuzimitsirani TV pakati pa penate. Kusamva kwake n'komweko.

Chomaliza chinatipeza usiku. Magetsi anazima cha m'ma 8 koloko tikudya, tinagona mumdima, palibe anaganizapo kanthu. Cha m'ma 2 koloko m'bandakucha nyumba yonse inadzidzimuka ndi mawu a mwamuna akufuula pabalaza. Amayi anatuluka ndi mpini wa khasu. Galu wa aneba anayamba kuuwa, agalu a mzere wonse n'kulandira. Anali mlaliki wa pa TV, voliyumu ili pomwe agogo amaikonda. Ka Arduino kanagwira ntchito yake mokhulupirika, kungoti kalibe wotchi ndipo sikadziwa kusiyana kwa masana ndi usiku.

Mnzanga anati tigule kachipangizo kena kosunga nthawi tiwonjezere. Amayi anati chinthu chinanso chikawonjezeredwa pa TV imeneyo, ine ndi mawaya anga tikagona kunja. Tinangopanga lamulo: womaliza kugona azithimitsa swichi ya pa soketi ya pakhoma, magetsi alipo kapena palibe.

Lamulo limeneli linabala chinthu chomwe sindinachiganizire. M'mawa wina ndikusamba ndinamva nyimbo pabalaza. Nditatuluka ndinapeza agogo akubwerera kumpando wawo, akupapasa khoma. Anali atapeza okha swichi ija n'kuidina. Kwa ka Arduino, swichi ya pakhoma ndi kubwera kwa magetsi n'chimodzimodzi: kanadzuka, kanadikira, kanayatsa TV. Swichi ndi yaikulu, ili pamalo amodzi nthawi zonse, imalira kuti thapu, ndipo ilibe anzake makumi anayi oti munthu asokoneze. Madzulo ake ndinamata kachitsekerero ka botolo pakhoma pambali pake kuti dzanja lawo lizifikira msanga. Tsopano amayatsa akafuna, akatopa nayo amathimitsa, rimoti ili m'kabati.

Sabata yatha ndikutuluka kupita kuntchito anandiitana.

"Amuna anga, kamwana kanuka kamangodziwa kuyatsa basi?"

Ndinati eya, agogo, ntchito yake ndi yomweyo.

"Mukauze kaphunzireko kusintha. Mlongo wanuyu akaonera mafilimu ake usiku amasiya pomwepo, ine kutacha ndizimvera anthu akulira m'Chingerezi tsiku lonse."

Dikoda ili ndi rimoti yakeyake, ya chinenero china, ndipo diso lake lili mbali ina ya shelefu. Mnzanga ndamutumizira kale uthenga pa WhatsApp. Wawerenga, sanayankhe.